Gwafa Wopanda Mizu

Anzanga a ku Chitipa akandiimbira foni, asanafunse za ana amayamba afunsa ngati gwafa akubereka. Ndimaseka nawo, koma m'kati mumawawa ndithu.

Ndinapita kumeneko nditangopeza ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi, pa boma pomwepo. Zinali zaka zija matipate atangokhazikika, pamene chilichonse chinkafuna komiti ndi kuvota, ngakhale kugula tsache. A Kayange, bwana woona za ogwira ntchito, anabwera kuchokera ku msonkhano wina ali ndi nzeru yatsopano yoti ofesi yathu iyambe kusamala chilengedwe. Pepala lizilembedwa mbali zonse, magetsi azizimitsidwa masana, ndipo aliyense abzale mtengo wake kuseri kwa ofesi. Poyesa ntchito ya munthu, mtengowo uzionedwa nawo.

Anzanga anangogwedeza mitu mwaulemu. Ine ndiye ndinaimirira. (Ndinali pa miyezi yoyeserera, ndisanatsimikizidwe pa ntchito, ndiye ndinkafuna abwana andione.) Ndinati lamuloli lachita kuchedwa. Ndinati ine ndine mwana wa ku Thyolo, mitengo ndinabadwa nayo. Kenako, popanda wondifunsa, ndinawonjezera kuti woyeserera aliyense amene mtengo wake uume asatsimikizidwe. Tinavota, zinadutsa. Nditakhala pansi m'pamene ndinakumbukira kuti woyeserera mu ofesi monsemo ndinali ndekha.

Tinabzala mvula ili pakati. Ena anasankha m'bawa, ena mapeyala, ine gwafa. Ndiye poti ndinali nditalankhula kale zambiri, ndinafuna kuti wanga awapitirire onse. Ndinagula feteleza pamsika n'kuthira dzanja lodzaza patsinde penipeni, mawa lake n'kuwonjezeranso. Paja amati kuthamanga si kufika. Sabata isanathe masamba anapsa, kambande kanga kanatsala ngati kamtengo ka machesi.

Munthu wanzeru akanapita kwa a Kayange n'kupempha mbande ina. Koma ndi nkhope iti? Kunyumba imene ndinkachita lendi kunali gwafa wamkulu wa eni nyumba, a Sichali, mkulu wa mpingo wofatsa kwambiri. M'mamawa ndinathyolako kanthambi, n'kukasongola, n'kukazika pamalo pa malemu aja anthu asanafike. Ndinadziuza kuti n'zongoyembekezera. Mwina kagwira.

Sikanagwire. Patapita masiku kanafota, ndiye ndinabweretsa kena. Vuto linali loti mtengo wamoyo umayenera kukula, choncho nthambi iliyonse yatsopano inkayenera kuposa inzake. Apa m'pamene dyera linandilowa. M'malo mowonjezera pang'onopang'ono, ndinkawonjezera mosaumira. Mbande za anzanga zili m'mawondo, wanga anali m'chiuno. Zawo zikufika m'chiuno, wanga ankandisuzumira pamutu. Ndinasiya mpeni n'kuyamba chikwanje, ndipo ndinkanyamula nthambi pa njinga nditaikulunga m'thumba ngati ndaba mbuzi.

Mbiri inabuka. Mayi Namsukwa a ku akaunti, amene kwawo ndi ku Misuku, anaima pa mtengowo manja ali m'chiuno n'kunena kuti ngakhale kwawo kwa mvula kuja sanaonepo zotere. Anandifunsa chinsinsi. Ndinati chachikulu ndi chikondi. (Mulungu andikhululukire.) Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, adada," n'kumapita. Anthu anayamba kuthirira mbande zawo mwakhama pofuna kundipeza, ena mpaka kubwera Loweruka. A Kayange anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya chilengedwe.

Kunyumba nako zinthu sizinali bwino. A Sichali anandiitana n'kundionetsa gwafa wawo, amene tsopano anali atametedwa mbali imodzi. Anadandaula kuti anthu a masiku ano alibe mantha, amaba ngakhale nkhuni zaziwisi. Ine ndinapukusa nawo mutu n'kunena kuti dziko lapita.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera mlendo wochokera ku likulu kudzaona m'mene ogwira ntchito alandirira lamulo latsopano lija. A Kayange anandinong'oneza kuti mlendoyo akangochoka, nkhani yanga yotsimikizidwa itha. Tsiku limenelo ndinadula nthambi yoposa zonse, ya masamba obiriwira bwino. Chifukwa cha changu sindinaone kuti inali ndi timagwafa titatu, komanso sindinakumbe mozama.

Amene munakhalako ku Chitipa mwezi wa Julaye mukuidziwa mphepo ya kumeneko. Imachotsa chitenje pa chingwe n'kukachisiya ku Zambia. Tinasonkhana kuseri kwa ofesi fumbi lili kobo, ndipo amene anaitanidwa kudzatsegula ndi pemphero anali a Sichali. Ndinaima kuseri kwa anzanga kuti tisaonane maso. Mlendo anazungulira mtengo wanga, anagwira timagwafa tija, n'kufunsa ngati ndi mtundu watsopano. Ndinati eya, wa ku Thyolo. Anandipempha kuti ndifotokozere anzanga m'mene ndimausamalira.

Ndinali nditangofika pa mawu oti mtengo uli ngati mwana pamene mphepo inabwera. Gwafa wanga anapendama, anazungulira pang'ono ngati akuganiza, kenako anagona pa mapazi a mlendo. Kumunsi kwake kunali kosongoka bwinobwino, mabala a chikwanje ali mbee.

Panalibe woseka. Zikanakhala bwino akanaseka. A Sichali anawerama, anatembenuza nthambiyo, n'kunena motsitsa m'Chitumbuka, "Khuni ili nkhulimanya." Chitumbuka changa chinali cha moni basi, koma ndinamva kuti akuti mtengowu akuudziwa. Ndinalakalaka dzenje lija likanakhala lalikulu kuti ndilowemo.

A Kayange sanandichotse. Anati lamulo ndinapanga ndekha, ndiye miyezi yoyeserera ipitirira mpaka nditaonetsa mtengo wa mizu. Ndinapepesa kwa a Sichali, ndinabzala mbande yeniyeni, ndinaithirira ngati munthu wolapa. Koma anthu a mu ofesi anali ataphunzira. Aliyense wodutsa ankaikoka pang'ono kuti aone ngati ili ndi mizu. Mayi Namsukwa ankaikoka popita ku nkhomaliro ndi pobwera. Ngakhale alimi obwera kudzatenga mbewu anamva, nawonso ankakokako. Mbandeyo inapirira mwezi ndi kanthu, kenako inauma.

Atandiitana mu ofesi mwawo a Kayange, ndinalowa nditawerengera kale za ulendo wa ku Thyolo ndi zimene ndikawauze amayi. Anandiuza kuti ndikhale. Anakhosomola, anayang'ana pa windo, kenako anati, "Achimwene, mtengo uja nanenso ndinakokako. Kawiri. Mizu inalipo."

Ananditsimikiza tsiku lomwelo. Mitengo ya anzanga ija lero ndi nkhalango, anthu amadyera nkhomaliro pamthunzi. Ine, wapampando woyamba wa komiti ya chilengedwe, ndinapha mbande ziwiri ndi theka la gwafa wa mkulu wa mpingo. Pa misonkhano masiku ano ndimakhala kumbuyo, ndipo akafunsa ngati pali wowonjezera, ndimakhalira manja anga.