Tsiku Limene A Chigayo Anagaya Mwana Wanga

A Chigayo sankakhulupirira kuti padziko pano pali chinthu choyenera kupitirira masekondi asanu ndi atatu. Moni wawo unkathera pomwepo. Pemphero la chakudya chimodzimodzi. Ukamawadandaulira za nyamakazi yako ankayang'ana wotchi, nthawi ikakwana n'kukweza dzanja: "Basi, dulani pamenepo. Zotsalazo mukungobwereza."

Ntchito yawo inali mu holo ija ya kuseri kwa msika, momwe mabandi amaimba Loweruka masana makatani atatseka. Oimba akamaimba, pachinsalu chachikulu kumbuyo kwawo pankavina zithunzi: mvula, mawilo a njinga, nkhuku ikuthawa, zonse zikusintha motsatira ng'oma. Wozisinthayo anali iwowo, ali m'kachipinda ka pamwamba, magalasi pamphuno, zala zikuthamanga pa mabatani. Munthu wa imvi mbuu, thalauza lofika m'chifuwa, koma pa ntchitoyi panalibe wowafika.

Dzinalo linachokera ku kompyuta yawo. Kanema aliyense wobwera pa fulashi sankakwera pachinsalu asanagayidwe.

"Kanema wa m'foni ali ngati zovala zopanikiza m'sutikesi," ankatero. "Ukafuna sokosi imodzi, mpaka ukhutule zonse. Ng'oma sidikira zimenezo. Ine chithunzi chilichonse ndimachipachika pa msomali wakewake, ndikangotambasula dzanja ndachitenga."

Ndiye ankawandandalika pamzere, makanema zana kapena mazana awiri, n'kudina batani limodzi. Onse ankatuluka ofanana ngati ana a sukulu: msinkhu umodzi, liwiro limodzi, masekondi asanu ndi atatu a pakatikati penipeni, omangobwereza osatha, ndiponso opanda mawu. "Mawu ndi a bandi, ine ndine wa maso." Ndipo poti ogayidwawo ankalemera kwambiri, makinawo ankafufuta okha makanema akale kuti malo apezeke, osafunsa munthu.

Mwini holo anaziona. Anabweretsa kanema wa zimene analankhula tsiku lotsegulira holoyo, ola lathunthu, ali mu suti yatsopano. Loweruka lake anthu anaona dazi lake likupukutidwa ndi mpango, kupukutidwa, kupukutidwanso, motsatira ng'oma, nyimbo zitatu zathunthu.

"A Chigayo! Mawu anga ali kuti?"

"Bwana, pa ola lonse lija ntchito munagwira pokhapa."

Chigayocho chikamagaya, tonse tinkayenda monyang'ama. Tsiku lina mayi wosesa anazula pulagi kuti awiritse madzi a tiyi, mzere wobiriwira wa pakompyuta utatsala chala chimodzi kufika kumapeto. A Chigayo anavula chipewa, n'kukhala pansi penipeni, miyendo tantha.

"Mayi, mwapha ana zana limodzi ndi makumi anayi."

Mayiyo anathawa kusiya tsache. Mawa lake pulagiyo inapezeka itakhomeredwa kabokosi ka loko.

Zonsezi tinkaseka mpaka tsiku limene zinagwa m'nyumba mwathu.

Mdzukulu wanga, mtsikana woimba, ndipo pasapezeke wonditsutsa, mawu ngati ake m'tauni muno mulibe, anapatsidwa Loweruka lake loyamba. Anajambula makanema ake milungu itatu, n'kukasiya fulashi kwa a Chigayo. Chimene anaiwala n'chakuti pa fulashi yomweyo ankasungapo kanema mmodzi yekhayo amene tinali naye wa mayi ake, mwana wanga wachisamba, amene anatisiya mtsikanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mphindi zinayi zokha: akuchapa pakhonde, akuimba kanyimbo kogonekera mwana, akuseka wojambulayo. Foni imene inajambula inafa kalekale. Mawu a mayi ake, padziko lonse lapansi, anali pamenepo basi.

Anakumbukira ali m'basi. Anatsika isanaime bwino, anathamanga kudutsa mumsika, anakwera masitepe awiriawiri. Anapeza mzere wobiriwira wafika kumapeto, a Chigayo akusenda nthochi.

"Agogo, imitsani!"

"Ndiimitse chiyani, mwanawe? Zatuluka kale, zosalala bwino."

Anawakankhira pambali n'kutsegula kanemayo. Mayi ake anakweza nsalu yonyowa, anatembenuka, anatsegula pakamwa. Zii. Anakwezanso nsalu, anatembenukanso, anatsegulanso pakamwa. Zii.

"Mwawagaya amayi anga!"

Nthochi inagwa. Mayi wosesa amalumbira mpaka lero kuti a Chigayo anaiwala kuyang'ana wotchi mphindi yathunthu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Ine nditamva ndinanyamula ambulera, ndipo kunja kunalibe ndi kamtambo komwe.

"Bambo inu! Mwana wanga ndinamuika m'manda kamodzi. Inu mwamuikanso kachiwiri, ndi batani?"

"Mayi, tsitsani kaye ambulerayo. Mawu sinditaya. Makinawa akachotsa mawu amawaponya m'foda ina, m'kompyuta momwemu."

"Ndiye tulutsani!"

"Vuto lake, nawonso amawadula. Tizidutswa ta masekondi asanu ndi atatu. Mphindi zinayi ndiye kuti tizidutswa makumi atatu."

"Tulutsani makumi atatuwo!"

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Tilibe mayina, mayi. Manambala okhaokha, osokonekera. Wotchi ya kompyutayi inaima kalekale, ndiye tonse timaoneka ngati tinabadwa tsiku limodzi. Ndipo m'menemo muli mawu a zaka khumi ndi zisanu."

"Tingati?"

"Zikwi mazana awiri. Kupitirirako pang'ono."

Ndinakhala pa bokosi la sipika.

"Ndiimbireni kanyimboko," anatero motsitsa mawu, "kuti ndikakumana nako ndikazindikire."

Ndinapita kukamenya munthu, ndinabwerako nditamuimbira nyimbo yogonekera mwana.

Loweruka mtsikanayo anafuna kukana kuimba. Ndinamuuza kuti m'banja mwathu sitithawa anthu atakhala kale pamipando. Anakwera pa siteji maso ali otupa. Nyimbo yoyamba inapita, yachiwiri inapita. Ali pakati pa yachitatu anamva holo yonse ikuti "haa!" Anatembenuka. Pachinsalu panali mayi ake, aatali kufika kudenga, akukweza nsalu, akutembenuka. Ndipo nthawi iliyonse imene iye ankatulutsa mawu, pakamwa pa mayi ake pankatseguka nthawi yomweyo, osachedwa, osafulumira. Kumwambako chala cha a Chigayo chinali pa batani, chikudikira mpweya wake.

Woimba ng'oma anaponya ndodo. Mtsikanayo sanasiye. Anamaliza nyimboyo atafulatira anthu, akuimba ndi mayi ake.

Atatha anakwera masitepe aja, misozi ili chuchuchu, ukali uli pomwepo.

"Anakulolani ndani?"

"Palibe, mwanawe. Koma amayi ako ankaoneka kuti akufuna kuimba."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse a Chigayo ankakhala ndi mahedifoni kumutu, kope ndi pensulo patebulo, kumvera kachidutswa kamodzikamodzi n'kuchonga nambala. Anamva ana akulira, agalu, maukwati a anthu amene analekana kalekale. Akakumana ndi mwini holo pa masitepe ankamuuza kuti, "Bwana, ndakupezaninso lero m'menemo. Ndinachita bwino kudula." Akapeza kamodzi ka mwana wanga, ankatumiza uthenga kwa mdzukulu wanga, wa nambala yokha ya timene apeza: 4. Patapita milungu iwiri: 5. Mtsikanayo ankaonetsa aliyense m'nyumba ngati zotsatira za mayeso. Pofika mwezi wachisanu anayamba kuwapititsira tiyi. Ine sindinapititse kanthu, koma ambulera ndinasiya kunyamula.

Mwezi wakhumi, Lachiwiri m'mawa, mayi wosesa anawapeza atatsamira pampando, mahedifoni ali kumutu, pensulo ili m'manja. Anawapatsa moni kawiri. Atadikira masekondi asanu ndi atatu osamva yankho, anadziwa kuti atisiya.

Patebulo panali fulashi yokulungidwa m'pepala: "Za mwana wa mayi wa ambulera. Katsala kamodzi."

Anali atalumikiza tizidutswa makumi awiri ndi tisanu ndi tinayi, bwinobwino, osamveka msoko. Tinamvera tili chiimire m'kachipindako. Madzi akukhavuka m'beseni. Mwana wanga akuimba. Mwana wanga akuseka, akuti, "Iwe, chotsa foniyo!" Koma pakatikati penipeni, pamalo paja amakweza nsalu n'kutembenuka, panali zii. Kachidutswa ka mawu a chithunzi chokhacho chimene tinatsala nacho ndi kamene sanakapeze.

Holo ilipobe. Amene analowa m'malo mwawo amaonetsa makanema osagaya, ndipo amanjenjemera pachinsalu ngati agwidwa malungo, nthawi zina n'kuuma gwa ng'oma ikupita. Kabokosi ka pulagi kalibe loko. Mwini holo amalankhula ola lathunthu popanda womuletsa.

Mdzukulu wanga amatseka kuimba kwake kulikonse ndi kanyimbo kaja. Bandi imakhala chete, mayi ake amaimba m'masipika, ndipo pakafika pa zii paja chithunzi chimabwera, nsalu imakwera, pakamwa pamatseguka, iye n'kulowetsapo mawu ake. Masekondi asanu ndi atatu ndendende. Anthu amaomba m'manja mpaka kupitirira muyezo, ndipo ine ndimayang'ana kukachipinda ka pamwamba kuja, kudikira dzanja likwere kuti basi, dulani pamenepo.

Silikwera.