Nati ya pa Sikelo ya a Nyagondwe

Pali masiku ena amene ndikawakumbukira ndimaleka kutafuna, ngakhale ndiwo zikhale za nyama. Limodzi mwa masikuwo ndi Lachiwiri lija ndinkafuna kuonetsa ana a Sitandade 6 kuti aljebura si ufiti. Anaphunziradi kanthu tsikulo, koma si kamene ndinakonza.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangofika kumene ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ndinkaphunzitsa ku Chiputula, koma pogona ndinapeza ku Salisbury Lines, kwa mayi wina wamasiye, a Nyagondwe. Yunivesite itayamba kukula, mayiwa anamanga tizipinda kuseri kwa nyumba yawo n'kumachititsa lendi ophunzira, ndipo ine ndinalowa m'kachipinda kakumapeto. Masana ankagulitsa nyemba ndi mpunga pamsika. Chitsirizira chawo, Tiwonge, anali m'kalasi mwanga.

Phunziro linali la x + 2 = 5. Ku koleji anatiuza kuti mwana amamva msanga akaona ndi maso, ndiye ndinaganiza zobwereka sikelo ya a Nyagondwe, ija ya mbale ziwiri. Mbali imodzi ndiike mabatire akutha asanu, mbali inayo awiri ndi kajumbo kakuda kobisa atatu. Ana achotse awiri uku, awiri uko, apeze okha zimene zili m'kajumbo.

"Tengani, asambizgi," anatero mayiwo, ponditchula "aphunzitsi" m'chinenero chawo. "Lachiwiri msika umazizira, ndiyezera pa chitini. Bola Tiwonge aphunzire."

M'mawa ndikuipukuta fumbi, ndinaona chinthu. Kunsi kwa mbale yoikapo katundu kunali nati yaikulu ya tayala la lole, yomangidwa bwinobwino ndi waya. Ndinakhala pansi. Mayi wa mvano, woyimba alito ku kwaya, kumabera anthu nyemba? (Apa ndi pamene munthu wanzeru akanagogoda pakhomo n'kufunsa. Khomolo linali pafupi, moti ndinkamva mayiwo akutsuka mapoto.) Ine ndinamasula natiyo n'kuiponya m'thumba la buluku, ndikudzitama mumtima kuti ndawabisira manyazi. Kuiyesa sikelo ilibe kanthu kuti ndione ngati yalingana, ayi, sindinayese. Mphunzitsi wa masamu ameneyo.

Nditalowa m'kalasi ndinapeza ahedi athu, a Mkandawire, atakhala kumbuyo ndi kope pamwendo. Anasankha tsiku lomwelo kudzaona kaphunzitsidwe ka mphunzitsi watsopano.

Ndinayamba bwino, musandinyoze. Ndinafotokoza kuti x ndi dzina longobwerekera la nambala imene sitinaidziwe, monga mmene timatchulira mlendo kuti "aujeni" tisanamve dzina lake. Ana anaseka, ahedi analemba kanthu. Kenako ndinati timizere tiwiri tija timatanthauza kuti mbali ziwiri n'zolemera mofanana, ndipo ndinaika mabatire anga monyadira.

Sikelo inapendekera ku mbali ya asanu.

Ndinaigwedeza. Ndinaisunthira pakati pa tebulo. Ndinauzira ngati pali fumbi. Inakana.

"Chotsanipo limodzi pa asanuwo, sala!" anakuwa Wongani, mnyamata amene pakamwa pake sipankatsekeka. Posowa chochita ndinachotsadi, ndipo sikelo inalingana. Ana anawomba m'manja. Tinachotsa awiri uku, awiri uko, kalasi yonse n'kuyimba pamodzi kuti x ndi awiri. Mtsikana wina anamasula kajumbo, mabatire atatu n'kugubuduka patebulo.

"Ndiye kuti atatu ndi awiri?" anafunsa wina, mofunadi kudziwa. Ahedi analeka kulemba.

Pamenepo Tiwonge, mwana wofatsa amene sankakweza dzanja wambawamba, anasuzumira kunsi kwa mbale. "Sala, nati ya amama ili kuti? Imakhala apa."

Ndikanangoitulutsa n'kuibwezera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndi nzeru zanga ndinatsitsa mawu (mawu otsitsa ndi amene ana amamva bwino koposa) n'kunena kuti, "Khala pansi, Tiwonge. Zimenezo sitinena pagulu."

"Ehee!" anatero Wongani. "Amamangirira nati kuti nyemba zizilemera!"

Kalasi inaphulika. Tiwonge anandiyang'ana kamodzi, kenako anaika mutu padesiki, ndipo sanaudzutse mpaka belu.

Mzuzu ankakula ndithu, nyumba zikumera mpaka ku Geisha, koma pa nkhani ya mphekesera anali akadali mudzi. Madzulo ndinabwezera nati mwakachetechete n'kusiya sikelo pakhonde. Lachitatu a Nyagondwe anabwerako ku msika thumba la nyemba lili chimodzimodzi. Lachinayi mayi wina anawafunsa pamaso pa anthu ngati nati imagulitsidwa pamodzi ndi mpunga. Ine ndinkatuluka m'mamawa n'kumadzera njira ya kuseri, moni osapereka.

Lachisanu, tili pakati pa phunziro, chitseko chinatseguka. Analowa ahedi, pambuyo pawo a Nyagondwe atasenza sikelo, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Monire mose," anapereka moni a Nyagondwe. "Asambizgi, mundibwereke ana anuwa pang'ono."

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anaika sikelo patebulo, nati ili pamalo pake, mbale zonse zopanda kanthu. Inalingana ndendende. Anamasula nati, inapendekera ku mbali yoikapo miyala yoyezera. Kenako anakweza mbale ziwirizo kuti aliyense aone. Ina inali yachitsulo chokhuthala, inayo yopepuka, ya m'khitchini.

"Mbale yeniyeni inabedwa chaka chimene bambo ake a Tiwonge anamwalira," anatero. "Iyi njopepuka. Popanda nati, ndimadzibera ndekha. Ndikaika nati yaikulu kuposa iyi, ndabera inu. Ndinayenda magalaja atatu kufuna yolingana. Iwe wa pakamwa, bwera kuno."

Wongani anapita kutsogolo. Anamuuza aike mabatire asanu uku, awiri ndi kajumbo uko. Sikelo inalingana.

"Chotsa awiri mbali imodzi yokha." Inapendekeka. "Waona? Wakondera. Chimene wachita uku, chitanso uko."

Anachotsa, inalingana, ndipo ana anayankha okha asanafunsidwe: "Atatu!" Ahedi ankalemba mofulumira kuposa tsiku langa lija.

Ndinapepesa pamaso pa ana, Chichewa changa cha ku Ntcheu chikuthawa pakamwa. Loweruka ndinakaima pa benchi yawo kumsika kuyambira m'mawa, kufotokozera aliyense wofuna kumva kuti wolakwa ndinali ine. Ambiri anabwerera. Ena sanabwererenso, chifukwa bodza linawapeza kunyumba, pamene choonadi chinkafuna kuti iwo achilondole kumsika. Tiwonge anatha teremu yonse osandiyang'ana kumaso, ngakhale kuti aljebura anakhoza kuposa onse.

Tikuweruka Loweruka lija, ndinawasenzera thumba la nyemba mpaka kunyumba. Pakhomo anandilandira n'kuthokoza kuti, "Yewo chomene, asambizgi. Koma ndikufunseni. Mutaiona nati ija, munaganiza kuti ndine wakuba, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye munaona wakuba, n'kusankha kumubisa?" Anapukusa mutu akuseka pang'ono. "Apo ndiye mwalakwa kawiri, mwana wanga."

Ndakhala ndikuphunzitsa zaka zambiri tsopano, ndipo ana ndimawauza kuti asathamangire kulemba yankho asanayese ngati likugwirizana. Iwo amamva. Ine mwini, ndikamva kanthu za munthu, mtima umathamangirabe ku yankho, ndipo ndimachita kuugwira pamkono kuti, "Taima kaye, iwe. Wafunsa?"