Pulogalamu yobwela yopanda abale ake

Mpaka lelo ndikaona fulashi, kachipangizo konyamulilamo za pakompyuta, makutu amanditentha.

Chaka chimenecho ofufuza zaulimi anabweletsa makompyuta ku Msanzala, n'kuwalumikiza ndi mawaya kuti azikoka ntchito limodzi ngati ng'ombe za pagoli. Ine ndinali wosesa mu ofesimo (koma wosesa wowelenga, wosasiya ngakhale nyuzi yokulungila kapenta). Ndinkaima pakhomo, tsache m'manja, kumvetsela kulila kwa makinawo ngati ndili m'chalichi. Amai Zulu, mkulu wathu, ankati makinawo adzasanthula mvula ya zaka zam'mbuyo n'kuuza alimi nthawi yobzala. Msonkhano wa alimi unali pafupi, mitambo itayamba kale kuda, koma intaneti kunalibe.

"Bambo, kwelani basi mupite ku Petauke," anatelo amai Zulu. "Pakefe ya intaneti akakuikileni pulogalamu iyi mufulashi."

Dzina lake ndinaliloweza ngati vesi.

Mwini kefe, aMwanza, anaipeza msanga. Kenaka pagalasi panandandalika maina ena.

"Ifuna anzake aba. Nitenge bonse?"

Tsono ine ndinakulila kumsasa wa othawa nkhondo ya ku Mozambiki, kumene atate anatiphunzitsa kuti pamzele wa ufa umatenga gawo lako, za ena osakhudza.

"Iyai. Anandituma chimodzi."

"Ni vaulele, bambo."

"Zaulele ndiye zimamangitsa."

Nditafika, makina anaikana pulogalamuyo. Akuti ikusowa inzake.

"Zinzake zili kuti?" anafunsa amai Zulu.

"Ndinazikana, amai," ndinayankha, chifuwa patsogolo.

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Mwabweletsa mkwatibwi wopanda ankhoswe."

Ananditchulila yosowayo, ndinabwelela ku Petauke. AMwanza anati nayonso ili ndi anzake. Ndinakananso (musandiseke, malemu atate anali kundiyang'ana). Ku Msanzala makina anati ankhoswe nawo akufuna amalume awo.

Ulendo wotsatila amai Zulu anakwela nane basi. Pakefe anati, "AMwanza, tengani zonse, ndi abale a abale awo, muike m'thumba limodzi." AMwanza anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga.

Koma zimene ndinaona titabwelela! Makina onse anayamba kupuma mwamphamvu nthawi imodzi, timagetsi tikuphethila ngati tikuyankhana. Kenaka pagalasi panatuluka dziko lathu: mitsinje, madambo, ndi kaphili ka kuseli kwa munda wanga. Zinthu zolembedwa ndi anthu osadziwana, kutali sindikudziwa kuti, chilichonse chitagwila dzanja la chinzake, zikukambilana za chimanga cha ku Msanzala! Tsache linandigwa.

Msonkhano unachitika dothi likununkha kale mvula yoyamba. Alimi anauzidwa kuti adikile, imeneyo ndi yonamiza, ndipo ambili anali asanataye mbeu.

Ine ndinaphunzila, mwina mopitilila. Dzulo amai a kunyumba anandituma mchele. Ndinabwela ndi mchele, tomato, anyezi ndi saladi, mafuta ophikila.

"Izi n'ziti?"

"Abale ake a mchele."

Anasuzumila m'thumba, n'kundiyang'ana. "Nanga nkhuku yake ili kuti?"