Boti Lilibe Mabuleki

Mpaka lero pali gombe lina la mtsinje wa Potomac limene sindipondako, ndipo sikuti anandiletsa. Ndi manyazi chabe.

Zinachitika cha m'ma 1995, ndikukhala ku Wheaton ku Amereka, ndikusamalira okalamba ku Bethesda. Alamu anga a Tembo, amuna a achemwali anga, ndi a ku Zambia, ndipo ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu m'tauni. Iwowa anagwidwa ndi matenda achimereka: mpikisano wowedza nsomba. Anagula boti, achemwali n'kukhala mwezi wathunthu akuwayankha ndi mapewa.

Lachisanu lina anandiimbira foni. Mnzawo wowedza naye anali atadwala, pamene lamulo limafuna anthu awiri m'boti. Anati ntchito yanga ikhala yongokhala pansi. Ndinavomera (munthu wotembenuza odwala sabata yonse akamva za kukhala pansi safunsa zambiri).

M'mawa, tisananyamuke, mkulu wa mpikisano anatisonkhanitsa n'kulongosola malamulo. Injini ikamalira aliyense avale jekete yoyandamitsa. Woyendetsa adzikolowekere kachingwe kamene kamazimitsa injini iye akachoka pampando. Pafupi ndi gombe, boti liziyenda ngati munthu wapansi, osadzutsa mafunde, ndipo wophwanya achotsedwa. Ine ndinamvera ngati mmene timamvera zolengeza za kutchalitchi. Kodi woyendetsa ndinali ine?

Tinapserera padzuwa mpaka masana, alamu akungokola tinsomba tomvetsa chisoni. Kenako ndodo yawo inapindika. Analimbana nayo, thukuta kamukamu, mpaka inatuluka nsomba yonenepa ngati mwana wa mwezi umodzi. Anaiponya m'kathanki ka m'boti kuti ikafike pasikelo yamoyo. Koma pomasula, mbedza ya mano atatu inali itawalowa m'chikhatho.

Apa ndipo ndinadziwa kuti alamu anga, munthu wolankhula ndi nduna za maiko, amaopa magazi. Anatuwa, n'kutsetserekera pansi. Ndinawamanga dzanja ndi mpango wanga, ndinawauza kuti mbedzayo ikachotsedwa kuchipatala. Iwo za dzanja analibe nazo ntchito. Nthawi yoyezera nsomba inali itayandikira.

"Mulamu, manje muyendese ndimwe," anatero ndi mawu a munthu wosiya chuma. "Ni monga motoka chabe."

Laisensi ya galimoto ndinali nditangoipeza kumene, ndipo ndinkaionetsa aliyense. Ndinakhala pachiwongolero, ndinadzikoloweka kachingwe kaja, ndinakankha kandodo ka moto. Boti linadzutsa mutu. Ndinene zoona, zinandikomera. Mphepo m'makutu, madzi akung'ambika, ine mwana wa ku Ntchisi amene sanawolokepo mtsinje wopitirira m'mawondo. Ndinawonjezera moto. Ndinadziuza kuti ndanyamula wodwala, choncho ndine ambulansi.

Gombe litaonekera, ndinaona zikwangwani zoyandama zolamula kuchepetsa liwiro. Maboti ena onse ankayenda ngati ali pamaliro. Alamu anadzutsa mutu n'kundiuza kuti ndichepetse. Ndinaponda buleki. Ndinapondanso. Chimene ndinkaponda chinali phazi lawo.

"Alamu, buleki ili kuti?"

"Boti ilibe mabuleki, mulamu. Bwezani kandodo."

Kandodo kake ndinakagwira, koma ndinakakankhira kutsogolo (musandifunse chifukwa, dzanja linaganiza lokha). Tinadutsa pakati pa maboti ngati galu wolowa m'khola la nkhuku. Anthu ankagwirira mipando, ndodo zikugwera m'madzi. Funde lathu linakafika pa kabwato kopalasa ka bambo wina wachikulire amene sanali n'komwe mumpikisano, ndipo ndinaona kabwatoko kakutembenuzika.

Mtima unandichoka. Ndinadzambatuka kuti ndimuone, kachingwe kaja n'kuthothoka, injini zii. Boti linangoyandama mofatsa mpaka kukagunda matayala a pagombe, ngati silinalakwe kalikonse.

Bamboyo anayandama, jekete yake itamukwera mpaka m'makutu, ndipo anthu anamuvuula. Ndinathamangira komweko, ndikupepesa m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Anandiyang'ana, madzi akuchucha m'ndevu, n'kundifunsa ngati ndinaonapo chipewa chake. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Wapolisi wa pamadzi anatipatsa ulaliki wautali, ine nditazyolika. Mkulu wa mpikisano sanachulutse mawu: tachotsedwa. Alamu anapempha kuti nsombayo aiike pasikelo basi, angodziwa. Anakana. Ndi dzanja limodzi, mbedza ikulendewera ku linalo, alamu anaitulutsa m'kathanki n'kuibwezera mumtsinje. Anaiyang'ana mpaka inazimirira. Ulendo wonse wa kuchipatala woyendetsa galimoto ndinali ine, pang'onopang'ono moti a m'mbuyo ankatiimbira mahutala.

Anandikhululukira, koma chindapusa ndikulipirabe. Poti nsombayo sinayezedwe, imakula chaka ndi chaka. Tikatuluka m'tchalitchi, alamu amatambasula manja pamaso pa anthu n'kutembenukira kwa ine, mboni yokhayo.

"Si so, mulamu?"

Pano yafika pa msinkhu wa mbuzi. Ine ndimangoti eya, alamu, mwinanso kuposa pamenepo.