Matepi a Kapitao Ndevu Zobiliwila

Lundazi Boma,
Ogasiti 1996.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Matepi ya Mthambo Woyela,
Chipata.

Bwana wolemekezeka,

Monile. Ine ndine Cyprian Ngulube, mphunzitsi wamba wa giledi folo. Ndeke sindinakwelepo, koma chifukwa cha inu ku nyenyezi ndafikako. Ndikulemba m'malo mwa tonse amene Loweluka lililonse masana timathithikana kuseli kwa golosale ya a Esau, m'chipinda chotseka mazenela ndi mabulangete, kuonela matepi amene mumatitumizila pa basi. Chimwemwe chatikulila, bwana. Ndiloleni ndikuthokozeni chimodzichimodzi.

Choyamba, zikomo potipatsa zokangana zatsopano. Kale tinkangolimbana za mvula ndi mtengo wa fodya. Lelo boma lonse lagawika pawili. Ena ndi a Kapitao Ndevu Zobiliwila, uja woyendetsa chombo pakati pa nyenyezi. Ena ndi a Mai wa Buluzi, uja wokwela chibuluzi cholavula moto. Maina awa tinapeka tokha, popeza zimene mumalemba pa matepi zandikanika ngakhale ine wozolowela zolemba za ana. Otsatila Kapitao amati buluzi uja ndi mphila, ndipo chingwe chomukokela chimaoneka. Otsatila Mai wa Buluzi amayankha kuti chombo chija ndi chivundikilo cha poto, komanso anthu ake amadya liti, popeza sitinaonepo wina akuphika m'menemo? A Jethro, mkulu wa mpingo wa ku Kapichila, anapalasa njinga kudzatiletsa zinthu zachikunjazi. Anayamba ndi kuima pakhomo, kenaka anakhala kumapeto kwa benchi, ndipo masiku ano ndiwo amafika oyamba. Amati buluziyo akanakhala wao, bwenzi atasiya kalekale kudula nkhuni zoumitsila fodya.

Chachiwili, tikuyamika nzelu yanu yotumiza zigawo mosatsata dongosolo. Kapitao tinamuona akuikidwa m'manda, tinalila, mpaka a Esau anazimitsa jenelata kuti mitima ikhale pansi. Loweluka lotsatila anatulukila ali mnyamata, ndevu zisanamele, akufunsila mkazi. Linalo anali m'ndende ya anthu a maso atatu. Ndi kampani iti ina ingaphunzitse za kuuka kwa akufa momveka chonchi?

Chachitatu ndi cha m'banja mwanga, mundikhululukile. Mphwanga Eston, telala wa pa msika, anatomela Justina, wogulitsa zovala zakale za salaula moyang'anana naye, ndipo nkhoswe ndine. Eston anatsimikiza kuti Kapitao anafadi, imfa ya ngwazi. Justina anati bokosi lija linali lopanda munthu, poti onyamula ankayenda mopepuka ngati anyamula dengu la masamba, ndipo anaseka. Anakangana pa msika anthu akuona. Justina anati, "Ngati mukukhulupilila bokosi lopanda kanthu, m'nyumba tidzakhala bwanji? Aliyense azidzakunamizani." Eston anayankha kuti, "Nanga ine mkazi woseka pa malilo ndingapite naye bwanji kwa amama?" Madzulo ake chitenge chimene Eston anam'gulila chinabwezedwa, chopindidwa bwinobwino.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Chikomeni kukafotokozela makolo a mtsikana. Anandimvetsela mwaulemu, ndipo atate ake anandifunsa kuti Kapitao ameneyu ndi wa mudzi uti, nanga bwanji uthenga wa malilo sunawafike. Ndinavutika, bwana, kuwafotokozela kuti ndi munthu wa pa tepi chabe. Pomaliza tinapangana kuti tepi yotsiliza ndiyo idzaweluze: wolakwa adzapepese pamaso pa onse, ndipo akakana, ukwati watha.

Chachinai, ndipo apa ndikulemba nditaimilila, zikomo chifukwa cha tepi yotsilizayo. Tsiku limenelo ena anakhala pa masaka a sopo, ena pa mawondo a anzao. Eston kumanja, Justina kumanzele, ine pakati. Pa kanema panaoneka manda a Kapitao. Dothi linayamba kugwedezeka. Chivundikilo cha bokosi chinatukuka pang'ono.

Pomwepo chithunzi chinaphethila, ndipo tinaona tenti yoyela, keke, ndi azimai ovala zofanana akululutila. A Jethro ananong'ona kuti Kapitao wafika ku dziko lina, ndipo ambili tinavomela. Koma woyendetsa mwambo anatchula dzina la kampani yanu, naitana bambo wa mkwatibwi kuti atsegule bwalo. Munali inuyo, bwana, mu suti yofiilila, mutajambulitsa ukwati wa mwana wanu pamwamba pa mathelo a Kapitao wathu.

Koma ndiye mumavina! Mapewa kwao, mimba kwake, mpango m'mwamba. Munazungulila kamodzi, tinaomba m'manja. Pozungulilanso phazi linakodwa mu waya wa maikolofoni, ndipo munagwa chagada pa tebulo la zakumwa, nsapato zikuloza kumwamba. Tepi inathela pomwepo.

Sindinaonepo anthu akuseka chotele. Benchi ina inathyoka. Nditapukuta misozi ndinapeza Eston ndi Justina atagwilana mapewa kuti asagwe, ndipo ndinamva Justina akuti, "Chitenge chija mubweletse mawa." Ukwati ulipo mwezi wamawa. Zimene zinandikanika ine ndi njinga yanga, inu munazitha ndi msana wanu, ndipo banja lonse likuti yewo chomene, zikomo kwambili.

Chatsala ndi chimodzi. Za Kapitao palibenso akuzifunsa, ndipo sitingakuvutitseni nazo, podziwa kuti munthu wotanganidwa ngati inu sangakhale ndi nthawi yoonela zimene amagulitsa. Koma boma lagawikanso. Ena akuti munadzuka n'kupitiliza kuvina. Ena akuti anachita kukunyamulani. A Jethro akuti mwina simunadzuke n'komwe, ndipo akufuna kudziwa ngati ayambe kusonkhanitsa a kwaya ya pa malilo. Eston ndi Justina ayamba kale kuyang'anizana mokwiya, ndipo ine ku Chikomeni sindingabwelelenso ndi nkhani yotele.

Choncho tikupempha modzichepetsa kuti mutitumizile gawo lotsatila la kugwa kwanu. Mukhoza kulijambula pamwamba pa filimu iliyonse imene mungakonde, monga mwa mwambo wa kampani. Ngati kulibe, kalata yaifupi ya dzanja lanu itikwanila. Sititha kuiwelenga, koma tidzadziwa kuti muli moyo.

Ine wanu wogwada pa simenti ya a Esau,

Cyprian Ngulube,
Mphunzitsi, nkhoswe, ndi wa gulu lokhulupilila kuti munadzuka.