Mayeso a Memore ku Mtendere

"Amake Dalitso, nanga ija TV yanu yosaonetsa mpira ikali pansi pa bedi?" Anandifunsa choncho bana Mulenga, aneba anga kuno ku Mtendere, dzana tili pampopi, mokweza bwino kuti mzere wonse wa zigubu umve. Ndinawayankha kuti inde, ikugona bwino, siidandaula. Koma popeza nkhaniyi amaikamba mothira mchere wambiri, lekani ndiikambe ndekha mwini wake.

Zinali zaka zija makampani aboma ankagulitsidwa ngati tomato wa madzulo, amuna ambiri m'komboni akungosuntha mipando kutsatira mthunzi. Atate ake Dalitso nawonso anali atadulidwa ntchito. Chimene chinkatidyetsa chinali makina anga osokera opukusa ndi dzanja. Anthu ankagula zovala za salaula, zija zovalidwa kale zochokera kunja, zazikulu ngati matenti, ine n'kumazichepetsa.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala ba Chanda, amene anali kalaliki pa kampani ina. Powachotsa ntchito anawauza kuti atenge kompyuta ya mu ofesi mwawo ikhale mbali ya malipiro. Iwo anali kubwerera kwawo ku Kitwe Lachisanu pa lole, ndipo akazi awo ankasirira makina anga. Ba Chanda anandiuza kuti ndiganize bwino: komboni yonse ikufuna makalata ofunsira ntchito, ndipo aliyense akukwera minibasi kukatayipitsa m'tauni.

Abale, mutu wanga unayaka! Ndinadziona nditakhala patebulo, zala zikuthamanga, anthu atafola mpaka pamsewu, Dalitso atavala nsapato za sukulu ngakhale anali asanasiye kuyamwa. (Zoti pamafunikanso makina ena otulutsa kalatayo papepala ndinadzazimva mochedwa, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Tinasinthana tsiku lomwelo, iwo makina, ine kompyuta. Ba Chanda sanali wakuba, ndisawanamizire. Anati ndipeze munthu aione, ndipo ngati ili ndi vuto ndiibweze lole isananyamuke, nditenge makina anga.

Tinaikankha pawilibala, ana a komboni yonse akutsatira ngati ukwati. Titaiyatsa inalira kuti pii, galasi n'kuwala, ine n'kuvina ndi mwana kumsana. Koma ukangodina mabatani pang'ono inkauma gwa, osasuntha. Ndiye Lolemba ndinaitana ba Yusufu a ku Kalingalinga, bambo wofatsa wa kapu yoyera, amene ankakonza mawayilesi ndipo anali atayamba kugwirako makompyuta. Anaiyatsa, anaizimitsa, anakanda ndevu.

"Amai, apa mwina vuto ni memore," anatero. "Nizabwela pa Chitatu tichite testi ya memore. Ikayenda bwino, yambani nchito."

Mawu awiriwo ndinkawadziwa bwino. Memore ndi ija tinkachita ku Sande sukulu, kuimirira kutsogolo n'kunena vesi pamtima. Testi ndi ija inandigwetsa mu giredi seveni. Ndinaganiza kuti ngati woyendetsa galimoto amayesedwa asanapatsidwe laisensi, nanga kompyuta, chinthu cha mu ofesi, angangokulola chabe? Komanso bamboyo ananena zoona, chibadwire Dalitso ndinkaiwala ngakhale pamene ndaika singano. Ndinamvetsa tsopano kuti kompyuta ikuuma chifukwa yaona kuti mwini wake ndi mbuli.

Kufunsa sindinafunse. Munthu amene unalephera mayeso sufuna kuonetsanso kuti funso sunalimve.

Ndinayamba kuloweza mabatani mmene anawandandalikira. Kyu, dabuliyu, i, ara, ti, wayi. (Amene anawaika choncho, m'malo moyamba ndi e, bi, si ngati anthu, Mulungu amukhululukire.) Ndinawaika m'nyimbo ya kwaya. Posambitsa mwana, kyu dabuliyu. Potunga madzi, e, esi, di, efu. Ndinagula tinsomba ta kapenta n'kumadya mitu yokhayokha chifukwa amati imanola nzeru. Koma Lachiwiri mzere wapansi unali ukundikanabe, zedi ndi ekisi zikusinthana malo ngati ana osamva.

Ndinabereka mwana n'kuyenda wapansi mpaka ku Kalingalinga kukapempha ba Yusufu kuti abwere Loweruka, chifukwa sindinakonzeke. Anandifunsa kuti kukonzeka chiyani. Ine ndinangoseka mwamanyazi n'kunena kuti akudziwa kale. Iwo anaganiza kuti ndikunena za malipiro awo, ndipo poti ndi munthu waulemu sanafunsenso.

Atate ake Dalitso anandikumbutsa za lole ya Lachisanu. Ndinawauza modekha, ngati mmene ndimalankhulira ndi mwana wokana mankhwala, kuti kompyutayo ilibe mlandu, katswiri wanena yekha kuti vuto ndi memore, ndipo memoreyo ndikuikonza. Anangotuluka panja.

Lachisanu ndinapita kukatsanzika a Chanda. Ndinathandiza kukweza katundu. Nditaona makina anga ali pakati pa mbaula ndi mipando yachitsulo, ndinavula chitenge changa chatsopano n'kuwakulunga bwinobwino kuti asakalike panjira. Ndinabayibitsa lole mpaka inakhota, mkamwa mukuyenda zedi, ekisi, si, vi.

Loweruka m'mawa ndinali wokonzeka, mantha onse atasanduka chimwemwe. Ndinakazinga beseni la vitumbuwa, ndinagula munkoyo woti timwere, ndinaitana bana Mulenga ndi azimayi a chilimba chathu chosonkherana ndalama kuti adzaone ndi maso mayi wa giredi seveni akupasa. Ba Yusufu atangolowa n'kutulutsa kadisiketi m'thumba la malaya, ine ndinapereka mwana kwa atate ake, ndinafulatira kompyuta kuti asati ndikubera, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo.

Ndinayamba. Mzere wapamwamba unatuluka ngati madzi. Wapakati ndinauimba ndi mawu a kwaya. Wapansi, uja wovuta, ndinaumaliza osapunthwa mpaka pa emu. Azimayi anaimba nthungululu, bana Mulenga anandiponyera chitenge paphewa, Dalitso naye akuwomba timanja. Ndikanakhala ndi mapiko ndikanatulukira padenga.

Ba Yusufu anali ataima ndi kadisiketi kawo m'manja, pakamwa pali yasa.

"Mwachita bwino maningi, amai," anatero pang'onopang'ono. "Koma olemba testi si imwe. Ni aba." Analoza chibokosi cha kompyuta ija.

M'nyumba munangoti zii, kupatula bana Mulenga amene munkoyo unawatulukira m'mphuno. Ba Yusufu anafotokoza kuti memore ndi tizitsulo tam'kati timene kompyuta imasungirako zimene ikuchita, ndipo kadisiketiko kamayesa ngati tili bwino. Anakalowetsa. Pagalasi panabwera kamzere kamodzi ka Chizungu, basi. Anayesanso, kamzere komweko. Anatsegula chibokosicho, anasuzumira pa kachitsulo kena kamene anati ndiwo ubongo wake, n'kupukusa mutu.

Ndinafunsa ngati yafeluka. Anati ayi, siinafeluke, koma siinaloledwe n'komwe kulowa m'kalasi. Amene amapanga mayesowo anachotsamo kale makompyuta a ubongo wa mtundu umenewu, poona kuti ndi akale ndipo owagwiritsa ntchito atha. Mapulogalamu olembera makalata amene ba Yusufu anali nawo sakanalowamonso, ndipo zitsulo zake sukanazipeza ngakhale utazungulira misika yonse ya Lusaka. Kenaka anawonjezera mawu amene ndimawamvabe: akanabwera Lachitatu, akanandiuza zomwezi tiyi asanazizire.

"Ndiye kuti nayo banaidula nchito," anatero atate ake Dalitso, n'kutola chitumbuwa. "Ikhale pamthunzi na ise."

Phunziro ndinalitenga, loti kufunsa si umbuli. Kungoti pamene ba Yusufu ankatuluka anatchula kuti tikhoza kugulitsa fani yake, ndipo ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva, osafunsa kuti fani ili pati m'chinthu chimene sichinandipepeseko mphepo ndi tsiku limodzi.

Mabataniwo ndikuwadziwabe onse, mutandidzutsa kutulo ndikhoza kukuimbirani. Zimene zinapita ndi izi: makina osokera amodzi, chitenge chatsopano chimodzi, ndi beseni lathunthu la vitumbuwa, limene theka lake anadya bana Mulenga.