Chidulo cha Amayi Chinayatsa Madzi

"Ana adye haidrojeni? Ine ndidye haidrojeni?"

Anali amake Dalitso, a kuseri kwa khoma kukomboni yathu ya Estates, akukalipira amuna awo, ba Tembo. Khoma lija munthu akangoyasamula umamva.

"Mayi, kufakitale tinkadziwa, m'madzi muli mpweya woyaka. Chosowa ndi tizitsulo toviikamo, ta pulatinamu, todula."

"Anakuchotsani ntchito pamodzi ndi nzeru! Makala kulibe, magetsi anadula. Moto ukapanda kuyaka lero ndikwera basi ya kwathu ku Petauke."

Inu mwayamba kale kupotoza milomo, potozani, koma ukwati uja ndinaupulumutsa ine, mwana ali kumsana.

Ndinatenga masupuni anga awiri a pa kicheni pate, mphatso za ukwati wanga, ndinathira m'ndowa chidulo chotsala cha malemu amayi, cha phulusa la zitsononkho, ba Tembo anamangirira masupuniwo ndi mawaya ku batire ya galimoto n'kuwaviika m'ndowamo, madzi n'kuyamba kubwata ali ozizira, mpweya n'kutulukira pa kapaipi, ndipo titayatsa machesi lawi losaoneka ndi maso linapsetsa nyemba zouma mwana asanasiye bere, linaumitsa matewera mpaka a ku Shimabala, mpweya wotsala unalowa m'chitenje changa pa waya n'kuchikweza mpaka ndeke ya ku Lusaka inachipatukira, mukumva? Ng'ona zinatuluka mu Kafue ndi ana awo, kuopa kuti mawa tiyatsa mtsinje. Mulungu anaona.

Ndinangopita kukagoneka mwana. Pobwera, ndowa ili gwa, moto wazima. Amake Dalitso anali atalawa madzi aja n'kumva kuti n'chidulo, ndipo mkazi wa kum'mawa angachione chidulo chabwino, delele ali pambali? Ankatunga pang'onopang'ono mpaka anakokota.

Ndayesa soda ya mushopu, ndayesa masupuni akunja awa adzaza pamsika, madzi amangofiira dzimbiri. Zitsononkho ndawotcha, koma dzanja la amayi linapita nawo. Zambia yonse ikanaphikira madzi a pampopi. Lero ndimapemerera mbaula ngati aliyense, utsi uli m'maso.

Tsiku lija ndinakaima pakhomo pawo, ndowa ili m'manja.

"Ba neba, sambani m'manja," anatero amake Dalitso.

Ba Tembo ananyema nshima, anaviika, anatafuna. "Mayi, delele uyu sindinamudyepo chikwatirire."

"Idyani, a sayansi," anatero akazi awo, n'kukhala pamphasa pambali pawo, akuwasunthira mbale.